Diresi la pa msomali

Amayi anzanga, chaka chatsopano chafika, ndipo ine monga mwa chizolowezi changa ndachiyamba ndi kusesa m'kachipinda kanga kosokeramo, kuthira mafuta makina, ndi kuwerenga zovala zimene eni ake sanabwere kudzatenga. Utelala ndinauyamba m'chaka cha 1998, ndipo sichinapitepo chaka osatsala zovala zingapo pa msomali wa kuseri kwa chitseko. Zambiri zimatsala chifukwa ndalama zinathera pa Khirisimasi, ndipo eni akewo ndimawamvetsa, pakuti m'Januwale fizi ya ana, feteleza wobereketsa ndi ufa wa pakhomo zonse zimayang'ana thumba limodzi. Koma pali diresi lina la chitenje cha buluu limene lagona pa msomalipo zaka ziwiri tsopano, chonsecho mwini wake analipira kale ndalama zonse.

Mwini wakeyo ndi mayi wa ana anayi, mphunzitsi, munthu wa thupi lake ndithu. Tsiku limene anabweretsa nsaluyo ndinawayeza monga ndiyezera aliyense, chifuwa, chiuno, mbina ndi kutalika, ndi kulemba m'kope langa. Nditamaliza anandigwira dzanja nati, "Amayi, pachiunopo muchotsepo mainchesi anayi. Pofika Pasaka ndidzakhala nditaonda." Ine ndinati, "Achemwali, nanga silidzakuthinani?" Koma nsalu inali yawo, ndalama zinalinso zawo, choncho ndinasoka monga anafunira. Pasaka anafika, napita. Wina anafikanso. Mayiwo akamadutsa panjira amandipatsa moni ali chapatali, maso kumbali, ngati munthu wa ngongole.

Sindikuwaseka ayi, chifukwa msampha umenewu unandikolanso ine. M'Disembala wa 2023, nthawi imene ntchito imachuluka kwambiri, mtsikana wina anandionetsa pa WhatsApp zithunzi za amayi amene akuti anaonda pa sabata ziwiri zokha atamwa tiyi wina. Ndinagula, pa ndalama yokwanira ndowa ya chimanga. Masiku awiri ndinali wa kuchimbudzi, manja akunjenjemera kotero kuti ulusi sunkalowa pa singano, ndipo madiresi a operekeza mkwatibwi ndinawapereka m'mawa wa ukwati womwewo, mipendero ndikumalizira eni ake atavala kale. Banja limenelo silinabwerenso kwa ine.

Ndinadziwa pambuyo pake kuti ambiri mwa matiyi oterewa amakhala ndi masamba otchedwa senna, amene ntchito yake ndi kutsegula m'mimba. Chimene chimachoka m'thupi ndi madzi ndi michere, mafuta ali pomwepo, ndipo munthu akayambanso kudya ndi kumwa sikelo imabwerera pakale. Choopsa koposa n'chakuti m'mankhwala ena oondetsa ogulitsidwa mwamseri mwapezekapo sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pa msika ku Ulaya ndi ku America m'chaka cha 2010 chifukwa ankaonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi kufa ziwalo. Papaketi sangalembepo zimenezo.

Chimene chimandidabwitsa ine ndi mmene zinthu zatembenukira pa moyo wa munthu mmodzi. Pamene ndinali mtsikana, agogo akati "wanenepatu" kunali kuyamikira, ndipo mkazi akaonda ku banja abale ake ankayamba kufunsana ngati mwamunayo akumusunga bwino. Kenaka inafika Edzi, imene inapezeka koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1985, ndipo kuonda kunasanduka chinthu chonong'onezana. Aang'ono a lero mawu akuti kaliwondewonde sawadziwa kulemera kwake. Zaka zanga zoyamba pa makina, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere m'chaka cha 2004, ntchito yanga yambiri inali yobweza madiresi. Amayi ankabwera madzulo kutayamba mdima, kundipempha kuti ndiwaikire timapilo m'mapewa kuti anthu ku tchalitchi asaone mafupa. Diresi la mng'ono wanga weniweni ndinalibweza katatu m'chaka chimodzi. Kachinayi sikanafike.

Tsono lero tepi yomweyo, kope lomwelo, amayi athanzi labwino akundipempha kuti ndichotse mainchesi, ndipo amalankhula za matupi awo monga alankhulira za mbuzi yoononga m'munda. Thupi limene linabereka, kuyamwitsa, kusenza mitolo ya nkhuni ndi kulima mizere, mwini wake akuchita nalo manyazi chifukwa cha chithunzi cha pa lamya cha munthu amene sanamuonepo. Dzana ankatiseka tikaonda, lero akutiseka tikanenepa, ndipo nthawi zonse woweruza amakhala wina, osati mwini thupi. Ndiponso, amayi anzanga, tisaiwale mwezi umene tili. Uno ndi mwezi umene nkhokwe zambiri kumudzi zili pululu, mabanja akudya kamodzi pa tsiku mosafuna. Kutulutsa ndalama kuti ugule njala pa nthawi yotere, ine pandekha kumandichititsa manyazi ndikakumbukira kuti ndinachitapo.

Komatu ndisanamizire kuti kunenepa kulibe vuto lililonse. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi alipo pakati pathu, ndipo ambiri taika kale abale chifukwa cha iwo. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO amati chiuno cha mayi chikapitirira masentimita 88, amene pa tepi yanga ndi pafupifupi mainchesi 35, ngozi ya matenda amenewa imakula. Changa chinapitirira kale. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhani imeneyi yankho lake lili ku chipatala, kumene amayeza magazi ndi shuga, osati kwa wogulitsa tiyi. Ine nditadwala ndi tiyi uja ndinapita kukayezetsa, ndipo anandipeza ndi kuthamanga kwa magazi kumene sindinkakudziwa n'komwe. Zaka zonsezo ndinkadandaula ndi mmene ndikuonekera pagalasi, pamene chofuna kundipha chinali chosaoneka.

Zimene ndasintha kuchokera pamenepo ndi zazing'ono ndipo n'zosagula. Kuntchito ndimayenda pansi m'malo mokwera kabaza, kupatula tsiku la mvula. Mchere ndinachepetsa, pakuti munthu wamkulu safunika kupitirira magalamu 5 pa tsiku, amene ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo zonse. Nsima sindinaisiye ndipo sindidzaisiya, koma ndinabwerera ku mgaiwa, ndi kuchulutsa ndiwo zamasamba, zimene nyengo ino bonongwe, chisoso ndi nkhwani zangoti mbwee. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa ku sikelo ya ana, ife timangowakumbukira pophikira mwana phala, ngati kuti mayi ake safunika nyemba, chipatso kapena kansomba. Mankhwala anga ndimamwa tsiku lililonse. Kodi ndaonda? Pang'ono chabe, inchi imodzi ndi theka pa zaka ziwiri. Koma mutu unaleka kundiwawa masana, ndipo ndimapalasa makina mpaka dzuwa kulowa.

Chaka chino ndaika lamulo limodzi m'kachipinda kanga, ndipo ndikudziwa kuti lindidyera makasitomala ena: sindisokanso chovala chochepera muyeso wa mwini wake. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Wofuna kuonda aonde mwa njira yabwino, akadzabwera ndidzamubwezera diresi lake mosalipiritsa, pakuti kubweza ndi ntchito ya mphindi zochepa. Mayi wina sabata yatha atamva zimenezi anakulunga nsalu yake napita kwa telala wina, ndipo ndalama imeneyo ndinali nditaiwerengera kale pa lendi. Ndauzanso mtsikana amene ndikumuphunzitsa ntchito kuti poyeza munthu azilemba nambala mwakachetechete, osaitchula mokweza pamaso pa anthu ena, ndiponso osaonjezapo ndemanga. Ndinamuuza zimenezi nditazindikira kuti iye mwini, mwana wa zaka 17 wowonda ngati bango, wayamba kubisa chakudya chake cha masana, ati akuopa mimba ingatuluke. Mawu amenewo anawamva m'kachipinda momwemo, ena a iwo kuchokera pakamwa panga.

Za diresi la buluu lija, pali chinsinsi chimene mwini wake sakuchidziwa. Tsiku lodula nsaluyo mtima unandikaniza, ndipo mainchesi anayi aja sindinawadule. Ndinawapinda m'kati mwa misoko, awiri mbali iyi, awiri mbali inayo. Dzulo madzulo ndinalitsitsa pa msomali, kulisomola, kulisokanso pa muyeso umene uli m'kope, kulichapa fumbi la zaka ziwiri ndi kulisita. Ndatuma uthenga kudzera mwa mwana wawo wamkazi kuti mayi ake adzandipeze Loweruka m'mawa, anthu asanachuluke, ndipo ndamuuza kuti asatchule za diresi.