Array Iyambe Kuphunzitsidwa ndi Manja

Nthaŵi yoyesera uphunzitsi ikafika, timaona ambiri a inu mukuyamba phunziro la array m'njira imodzimodzi. Mumalemba tanthauzo pabolodi, ana nakopera m'makope mwawo, nalilakatula pamodzi. Pamayeso tanthauzolo amalilemba bwino lomwe; koma auzeni kuti aloze chinthu chachitatu cha mu array, mudzaona zala zikusokonekera. Ife tikuti njira imeneyi isiyidwe.

Array ndiwo mndandanda wa malo ogundizana mu memory ya kompyuta, osungiramo zinthu za mtundu umodzi. Onsewo ali ndi dzina limodzi, koma alionse ali ndi nambala yakeyake yotchedwa index. Povuta pagona apa: mwana amasokoneza nambala ya malo ndi chimene chasungidwamo.

Bwerani ndi bawo m'kalasi. Sankhani mzere umodzi wa maenje 8, muikemo nkhomo zosiyana kuchuluka. Mufunse mafunso aŵiri mosinthanitsa: "Ili ndi dzenje lachingati?" ndiponso "Muli nkhomo zingati?" Musafulumire. Kenaka chotsani nkhomo zina, ana aone okha kuti zam'kati zasintha koma dzenje lili pomwepo.

Tsono nkhani ya ziro, imene imazunguza ndi aphunzitsi omwe. M'zinenero monga C, Java ndi Python, malo oyamba amakhala 0. Kungouza ana kuti "ndi mmene zilili" ndi ulesi. Mwana aike chala padzenje loyamba, mumfunse kuti wasuntha kangati. Sanasunthe. Padzenje lachiŵiri wasuntha kamodzi. Index ikunena mtunda kuchokera poyambira, ndipo kompyuta imachitanso chimodzimodzi: imachulukitsa index ndi kukula kwa malo amodzi, nkuphatikiza pa adiresi ya malo oyamba. Motero pa maenje 8 lomaliza ndi 7, ndipo amene walemba mzere[8] chala chake chagwera kunja kwa bawo. Python imaima nkudandaula kuti IndexError. C, imene Dennis Ritchie anaikonza ku Bell Labs m'chaka cha 1972, siyang'ana nkomwe. Ikhoza kutola chilichonse chimene yapeza pamenepo, pulogalamu nkupereka yankho labodza mwakachetechete.

Anzathu ena amati ana angoyamba ndi 1, poti ndimo anazoloŵerera kuŵerenga. Mfundo yawo sitiinyoza. FORTRAN, imene inatuluka mu 1957, imayambira pa 1, ndipo Scratch nayonso imatero. Edsger Dijkstra analemba kapepala mu 1982 koikira kumbuyo ziro, umboni woti akatswiri omwe anatsutsanapo. Chimene tikukana ndicho kunamiza mwana kuti kompyuta iliyonse imaŵerenga kuyambira pa ziro. Muuzeni kuti okonza chinenero ndiwo amasankha, ndi kuti akakumana ndi chinenero chachilendo ayambe wafufuza zimenezi.

Mzere umodzi ukamveka, ulutsani bawo yonse: mizere 4, maenje 32. Tsopano nambala imodzi siikwanira, pafunika ya mzere ndi ya dzenje, monga bawo[1][5]. Phunziro lonseli silifuna magetsi. Ngati a hedimasitala achita tsinya poona bawo m'kalasi, thireyi ya mazira 30 igwira ntchito yomweyo.