Dzina la mayi anga silinalakwe

Anzanga akunyanja, ndapsa mtima. Mayi anga amagulitsa matemba a ku Chilwa pamsika wa Songani. Pamndandanda wa ngongole za amayi, ng’ ya m’dzina lawo yasanduka ngâ€™. Kalaliki akuti, “Silikufanana ndi la pachiphaso, bwererani.” Eti olakwa akhale mayi?

Ayi bwana! Fayilo ya CSV ija inasungidwa mu UTF-8, inu mwangoidina kawiri, Excel n’kuiwerenga ngati Windows-1252. N’chifukwa chake Malaŵi amasanduka MalaÅµi. Lowani pa Data, From Text/CSV, sankhani 65001, mayina onse abwerera bwinobwino.

Ukonde ukapiringizika bambo anga amaumasula, satukwana nsomba. Ndiye musatiuze zofufuta ng’ m’mayina mwathu. Ng’ombe isanduke ngombe chifukwa cha ulesi wanu?

Tumizirani ena, uthengawu uwapeze.