Dzanja la Wolemba Zikwangwani

Kuyambira ku Mandevu kufikira ku Matero ndi ku Chawama, makoma a tuntemba ndi a malo ometera amatilonjera tisanalowe n'komwe. Zilembo zake n'zopendekera pang'ono, zonenepa pamene bulashi inatsindika, zoonda pamene dzanja linapepuka. Diso likaziona limadziwa kuti analemba ndi munthu, ndipo wogula amalowa momasuka.

Osindikiza a kunja anazindikira kale mphamvu imeneyi. M'caka ca 1942, Robert E. Smith wa ku America anakonza mtundu wa zilembo, dzina lake Brush Script. Mu 1953, Roger Excoffon wa ku France anatulutsa Mistral, potsanzira kalembedwe ka dzanja lake lomwe. Lero mitundu yonse iwiri iri m'kompyuta, ndipo ali yense angathe kuisindikiza pa cinsalu ca pulasitiki m'kanthawi kocepa.

Taonani codabwitsa: makina akuyesetsa kutsanzira dzanja, pamene ife tikutaya mwini dzanjalo. Mmisiri wa m'komboni mwathu, amene bulashi ndiyo khasu lake, akusowa nchito, ndipo ana ake akugona ndi njala. Komatu cinsalu cija cimang'ambika ndi mphepo ya Ogasiti, nicisuluka ndi dzuwa la Okutobala, pamene penti wa mafuta pa khoma amapirira mvula ya zaka zingapo.

Makolo anzathu, mukatsegula kantemba muitaneni mmisiriyo. Mlembereni mau pa pepala kuti Cinyanja cisapotoke, mumlipire mokwanira, ndipo mwana wanu aime pambali kuti aphunzireko. Luso limeneli likapita kumanda ndi eni ake, tidzaligula kwa alendo.