Thirakitala ikakana kulira, pampu isakhale yoyamba kumasulidwa

Okutobala akalowa, mitambo itayamba kusonkhana, m'maesiteti a ku Kasungu ndi Mchinji mumamveka dandaulo limodzi: thirakitala yakana kulira. Inaimikidwa pansi pa mango chimanga chitangolowa m'nkhokwe, palibe anaisuzumiranso, lero mwini wake akufuna igalauze munda mvula isanagwe. Makaniko woyamba kufika amagwedeza mutu n'kugamula kuti pampu ya dizilo yafa. Nthawi zambiri chigamulo chimenechi chimakhala chopupuluma, ndipo mlimi amalipirira matenda omwe thirakitala yake ilibe.

Chitsanzo chabwino ndi Massey Ferguson 135, yofiira ija, yomwe inayamba kupangidwa mu 1964 ku Coventry, m'dziko la England. Injini yake ndi Perkins ya masilinda atatu, malita 2.5. Ilibe mapulagi ngati galimoto ya petulo. Imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, dizilo akangothiridwamo amayaka yekha. Ikazungulira mwamphamvu n'kulandira dizilo woyera, injini yotere imalira ngakhale itadutsa zaka 50. Zitsulo zake sizisowanso, chifukwa MF 240 yomwe kampani ya Millat imapanga ku Pakistan ili ndi injini ya mtundu womwewu.

Poyambira ndi pa batire. Mitu yake ikachita zoyera ngati ufa, kapena waya wopita ku chitsulo cha thirakitala akachita dzimbiri, sitata imangoti tche. Kupala mitu ija ndi ntchito ya mphindi zochepa. Palinso ziwiri zomwe dalaivala watsopano amaiwala: kagiya kakafupi kayenera kukhala pa chilembo cha S, ndipo kachitsulo kozimitsira injini kakhale katakankhidwira mkati. Ena akatopa amalumikiza sitata ndi sikuludiraiva ataima kutsogolo kwa tayala lalikulu. Thirakitala ikakhala m'giya imanyamuka pomwepo, ndipo anthu afapo motero.

Koma gwero lenileni la mavuto ndi dizilo. Thanki yosadzaza ikakhala miyezi, usiku imachita thukuta mkati, madziwo n'kutsikira pansi poti ndi olemera kuposa mafuta. Kusowa kwa mafuta komwe kwavutitsa dziko lino kuyambira 2022 kwawonjezera vuto, popeza alimi ambiri amagula wa m'zigubu, wina wosakaniza ndi parafini, wina wa mchenga. Pampu ya CAV ya pa 135 imafewetsedwa ndi dizilo yemweyo amene imapopa. Madzi akalowamo, dzimbiri limadya tizitsulo ta mkati. Kabotolo kagalasi ka pansi pa thanki kamaonetsa zonsezi, kungofunika maso okayang'ana.

Fyuluta ikasinthidwa, kapena mafuta akathera m'munda, m'mapaipi mumalowa mpweya, ndipo injini singalire ngakhale batire itakhala yatsopano. Kuuchotsa kumangofuna sipanala ndi kudekha. Munthu amamasula kabawuti ka pamwamba pa fyuluta, n'kumapopa ndi chala kampini ka pampu yaing'ono yokoka mafuta ku thanki mpaka dizilo atatuluka wopanda thovu. Amatero pa timabawuti tiwiri ta pampu yaikulu ya CAV ija, kenako amamasula pang'ono mapaipi a pa mainjekitala, kupukusa injini, n'kumanga mafuta akayamba kulavuka. Kampini kaja kakamangogwedera osapopa, injini izunguzidwe pang'ono. Dzanja lisayandikire pomwe injekitala ikupopera, chifukwa dizilo wake amaboola khungu.

Utsi nawo umaulula zambiri. Sitata ikamazungulira koma paipi ya utsi osatulutsa kanthu, mafuta sakufika. Ukamatuluka woyera, afika koma sakuyaka, ndipo m'mawa wozizira wa Juni ku Dedza wolakwa amakhala Thermostart, kachipangizo kotenthetsa mpweya wolowa mu injini. Mankhwala opopera oliza injini msanga si bwenzi la thirakitala yokalamba. Amathyola maring'i, ndipo akakumana ndi moto wa Thermostart amatha kuphulika.

Zonsezi zikalephera, m'pamene pampu ingakayikiridwe, ndipo malo ake ndi kwa akatswiri okhala ndi makina oyesera. Kuiphwasulira pa chiguduli, fumbi likuuluka, n'kuipha.

Apa boma lili ndi mbali yake. Lipoti la Ombudsman Martha Chizuma la mu 2016 linafotokoza za mathirakitala 177 ogulidwa pa ngongole ya madola 50 miliyoni ya ku India, omwe ambiri anagulitsidwa motchipa kwa andale ndi akuluakulu ena. Mtundu unasenzetsedwa ngongole, mlimi wamba anatsala ndi khasu. Kachigawo kochepa ka ndalama zoterozo kakanaphunzitsa achinyamata ambiri, kudzera ku bungwe la TEVETA ndi ku koleji ya zaulimi ya Bunda, kudzutsa mathirakitala omwe ali kale m'midzi ndi m'makopaletivi. Makaniko mmodzi wodziwa za dizilo pa ofesi iliyonse ya zaulimi, wokhala ndi njinga yamoto ndi bokosi la zipangizo, akanaombola minda yambiri chaka chilichonse.

Pakadali pano mwini thirakitala asadikire boma. Akamaiimika pakutha pa zokolola adzaze thanki, achotse batire, avindikire paipi ya utsi ndi kachitini, ndipo azibwezera batireyo n'kuiliza kawiri pa mwezi mpaka injini itatentha.