Nyumba Isanagwe Iyambe Yalembedwa

Sitima ya pamtunda sidutsa pa Songani. Njanji yoyamba, yochokera ku Port Herald kumene lero kutchedwa Nsanje, inathera ku Blantyre m'chaka cha 1908. Ndipo pamene anaipitiriza kufikira ku Salima mu 1935, inadzera kuseri kwa phiri la Zomba, cha ku Balaka. Ina ya 1970, yochokera ku Nkaya kunka ku Nayuchi, iwoloka Shire pa Liwonde nipitirira kumpoto kwa nyanja ya Chilwa. Tsono munthu wa pa Songani angathe kufunsa kuti, "Nanga za masiteshoni akale zindikhudza bwanji ine?"

Zimkhudza ndithu. Njerwa za masiteshoni aja sizinaumbidwe ku London ai. Anaziumba, nazitentha, nazisenza pamutu ndi anthu a dziko lomwe lino. Mabuku a mbiri atchula makampani ndi akuluakulu ake, koma wosenza njerwa samtchula. Mboni yake imene yatsala ndiyo khoma lomwelo. Chifukwa chake iwo onena kuti, "Zimenezi nza Azungu, zigwe," alakwa kwakukulu, pakuti pofuna kuiwala Mzungu afafaniza thukuta la agogo awo.

Ena ati chitukuko sichidikira munthu. Inde, mzinda ufuna masitolo ndi misewu yatsopano, ndipo si nyumba yakale iliyonse imene iyenera kukhala chiimire. Koma kodi kuyeza khoma m'litali ndi m'lifupi, kulijambula chithunzi, ndi kulemba dzina la malowo kungatenge masiku angati? Wogumula asanalembe sapulumutsa nthawi. Angotaya chimene sadzachipezanso. Sitima zakale zinkayenda ndi moto ndi madzi, nchifukwa chake pa masiteshoni panali mathanki aakulu omwetsera injini. Pamene zinafika za dizilo, mathankiwo anasowa ntchito, ndipo chinthu chosowa ntchito ndicho chiyamba kuchotsedwa popanda wochilirira.

Anthu a m'mbali mwa Chilwa adziwa kuti chooneka chokhalitsa chimatha. Nyanja inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, mabwato nakhala pamatope ouma. Koma nyanja ibwera ndi mvula, matemba nabwereranso. Nyumba yogumuka sibwera ndi mvula.

Nkhani ya mowa ndiyo ena achita nayo manyazi. Fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, ndipo inali yoyamba imene kampaniyo inamanga kunja kwa dziko la Denmark. Mu 2016 inapita m'manja mwa kampani ya Castel. Womwa ndi wosamwa yemwe ayenera kuvomera kuti m'menemo anthu anagwira ntchito, nalipirira ana sukulu. Kukana kulemba za malo otere chifukwa choda mowa ndiko kuipitsa mbiri mwadala.

Ndipo zolembedwazo zisakhale m'nyumba imodzi. Mu 1919 maofesi a boma ku Zomba anapsa, ndi makalata ambiri akale anapsera momwemo. Nyumba yosungira zolembedwa za boma inatsegulidwa mumzinda womwewo mu 1947, koma phulusa silikanatha kuwerengedwanso.

Lamulo loteteza zinthu zakale lilipo, koma lamulo silikhala pamkeka ndi nkhalamba. Imeneyi ndi ntchito ya iye amene waphunzira kulemba tsopano lino. Mawu a akulu akoma akagonera, komatu agonera pokhapo pali wowasunga. Ngati pamudzi pali mkulu amene anagwirapo ntchito ya njanji ku Limbe, kapena yofulula mowa ku Blantyre, wophunzirayo atenge kope ndi pensulo nakamfunse: analowa ntchito chaka chanji, ankalandira ndalama zingati, nyumba imene ankagwiriramo inali ndi makomo angati, ndipo anzake anali ayani. Akatha alembe makope awiri, limodzi likhale pamudzi, lina lipite ku Zomba.