Mphaka wa ku Latvia watisonyeza poyambira

Mu March 2025, filimu ya katuni yotchedwa Flow inapata mphoto ya Oscar, kugonjetsa Inside Out 2 ya Pixar ndi The Wild Robot ya DreamWorks. Aka kanali koyamba kuti dziko la Latvia, lomwe anthu ake sakwana 2 miliyoni, lipate Oscar. Mkonzi wake, Gints Zilbalodis, anali ndi zaka 30 zokha.

Zilbalodis sanayambire mu situdiyo yaikulu. Filimu yake yoyamba yaitali, Away, yomwe inatuluka mu 2019, anaipanga yekhayekha: nkhani, zithunzi, ngakhale nyimbo. Mufilimuyo mulibe munthu woyankhula, ndipo ndi momwe ililinso Flow. Flow ndi nkhani ya mphaka amene akuthawa madzi osefukira, n'kukwera bwato limodzi ndi galu, mbalame ndi nyama zina. Nyamazi sizivala zovala kapena kuyankhula ngati anthu. Zimangolira ngati nyama basi, kamera n'kumazitsatira kwa nthawi yaitali osadula. Poti mulibe mawu, woonera wa ku Riga ndi wa ku Zomba amaimva mofanana.

Apa ndi pomwe pali phunziro kwa achinyamata athu okonda zojambula. Pamene ankagwira ntchito yekha, wopanda gulu la ochita sewero, Zilbalodis anazolowera kufotokoza nkhani ndi zithunzi zokha, ndipo lero dziko likumudziwa ndi luso lomweli. Flow inapangidwanso ndi Blender, pulogalamu yaulere yomwe aliyense angathe kuidawuniloda. Ndiye zoti "ndiyamba ndikadzapeza zida zapamwamba" tizisiye. Kafilimu ka mphindi imodzi komwe wamaliza kamakuphunzitsa zambiri kuposa filimu yaikulu yongokhala m'mutu.

Koma tisanamizane. Blender imafuna laputopu yamphamvu ndi magetsi odalirika, zomwe ambiri kuno alibe. Ndipo Flow sinapangidwe ndi khama lokha: inadya mayuro pafupifupi 3.5 miliyoni, ena ochokera ku National Film Centre of Latvia, ndipo makampani a ku France ndi Belgium anathandizapo. Thandizolo linabwera chifukwa anali atasonyeza kale ntchito.

Choncho achinyamata ayambe ndi zomwe ali nazo, koma boma ndi makampani akhazikitse thumba lothandiza amene aonetsa kuti angathe. Kupanda kutero, aluso athu azingothera pa timavidiyo ta TikTok.