Thanzi la m'maganizo la ophunzira zachipatala ku Chitipa pa nthawi ya COVID-19

Thanzi la m'maganizo la ophunzira zachipatala ndi nkhani yokhudza nkhawa, mantha ndi kutopa kumene ophunzira unamwino, uzamba ndi udokotala amakumana nako akamaphunzira ntchito m'zipatala. Ku Malawi nkhaniyi inakula pa mliri wa COVID-19, ndipo boma la Chitipa likuonetsa mmene kutalika kwa dera kumakulitsira vutoli.

Chiyambi

Boma linatseka sukulu zonse pa 23 Marichi 2020, ndipo pa 2 Epulo 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi matendawa ku Lilongwe. Kutsekaku kunaimitsa maphunziro a m'chipatala. Wophunzira unamwino salandira chilolezo chogwira ntchito ku bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi asanakwaniritse nthawi yake yosamalira odwala, choncho aliyense anayenera kubwerera m'mawodi sukulu zitatsegulidwa kumapeto kwa 2020. Posakhalitsa mliri unabukanso mwamphamvu. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi matendawa. Katemera woyamba anafika m'dziko muno mu Marichi 2021.

Mmene Chitipa lilili

Chitipa ndi boma la kumpoto kwenikweni kwa Malawi, lochita malire ndi Tanzania ndi Zambia. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 234,927. Odwala amadalira chipatala cha boma cha Chitipa, chipatala cha mishoni cha Kaseye ndi zipatala zazing'ono monga za ku Nthalire ndi Misuku. Wodwala kwambiri amatumizidwa ku Mzuzu Central Hospital, ulendo wa makilomita oposa 300 kudzera ku Karonga.

Malire anawonjezera mantha. Dziko la Tanzania, motsogozedwa ndi John Magufuli, linasiya kulengeza chiwerengero cha odwala COVID-19 chapakati pa 2020, pamene anthu a m'malire anapitiriza kuwoloka pochita malonda ndi kuchezera abale. Wogwira ntchito m'chipatala analibe njira yodziwira kukula kwa mliri kutsidya.

Zimene zimalemetsa ophunzira

Choyamba ndi udindo wawo. Wophunzira amagwira odwala, koma sanalembedwe ntchito. Mu Epulo 2020 madokotala ndi anamwino m'zipatala zingapo ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera ndi ndalama za ukadziotche. Zokambiranazo zinali pakati pa boma ndi olembedwa ntchito. Wophunzira savuta kuiwalika pa zokambirana zotere, ndiponso amaopa kudandaula kwa munthu amene adzamupatse malikisi.

Chachiwiri ndi kusungulumwa. Ku Chitipa kumayankhulidwa zinenero zambiri, monga Chilambya, Chindali, Chisukwa ndi Chitumbuka. Wochokera kutali amavutika kumvana ndi odwala, ndipo akaweruka amasowa womukhuthulira zakukhosi. Pa nthawi ya mliri anthu ena ankasala ogwira ntchito zachipatala poganiza kuti ndiwo akufalitsa matenda.

Chachitatu ndi kuchedwa kumaliza maphunziro, kumene kumachedwetsa ntchito pamene makolo akudikira thandizo.

Thandizo limene lilipo

Bungwe la World Health Organization linanena mu Marichi 2022 kuti matenda a nkhawa ndi okhumudwa anakwera ndi 25 peresenti padziko lonse m'chaka choyamba cha mliri. Komabe chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo ku Malawi ndi chimodzi, Zomba Mental Hospital, chomwe chili kummwera. Kumpoto anthu amadalira kwambiri St John of God ku Mzuzu. Vuto lina ndi manyazi: ambiri akamva za matenda a m'maganizo amaganiza za misala, motero wophunzira wosowa tulo kapena wolira yekha amangokhala chete.

Kufunika kwake lero

World Health Organization inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti COVID-19 siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 ku Malawi ndipo anadzazanso zipatala. Maboma akutali ngati Chitipa amavutika kale kusunga anamwino ndi madokotala. Wophunzira amene anazunzika m'maganizo kudera lotere sakhala ndi chidwi chodzabwererako akamaliza maphunziro. Zovala zodzitetezera zokwanira, woyang'anira amene amamva madandaulo ndi uphungu wachinsinsi, ngakhale wa pafoni, zimateteza wophunzirayo pamodzi ndi odwala amene adzawasamalire.